Thumba la Nsanza Pansi pa Masitepe

Pa kampani yopanga mipando ija panalibe amene ankawatchulanso dzina lawo lenileni. Onse ankangoti Anatsache, kuyambira abwana mpaka kalipentala wobwera dzulodzuloli, ndipo iwo ankangovomera, nanga akanalimbana ndi angati? Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ankasesa utuchi m'shedimo, kutolera nsanza zopukutira, ndi kusunga makiyi a kachipinda ka mankhwala, momwe munkakhala zitini za vanishi, zigubu za thinazi, guluu ndi mafuta opaka matabwa. Makiyiwo ankawamangirira pachingwe m'khosi, moti akamabwera munkayamba mwamva kulira kwake musanawaone.

Anali mayi wamfupi, wa mapewa akugwa, wosakonda zolankhulalankhula. Msana unayamba kalekale kuwauza kuti zakwana, maondo nawo ankalira pokwera masitepe, koma tsache ankaligwirabe. Amuna awo anamwalira ana akadali ang'onoang'ono, ndipo tsache lomwelo ndi limene linalera ana atatu mpaka onse kuchoka pakhomo. Tsopano ankakhala okha m'nyumba ya zipinda ziwiri. Kudzuka m'mamawa, kukwera mabasi awiri, kusesa, kukweranso mabasi awiri, kugona. Mukawafunsa kuti muli bwanji ankangoti, "Tilipo," basi, osawonjezerapo kanthu.

Koma pa nkhani ya ukhondo, abale inu, musawayambe dala. Shedi ya akalipentala ndi malo a fumbi, aliyense amadziwa, koma yawoyo inkakhala mbee. Abwana akale, bambo wawo wa abwana apanowa, ankachita kubwera ndi alendo kudzawaonetsa pansi. Chimene Anatsache ankadana nacho kwambiri chinali nsanza. Kalipentala akamaliza kupaka mafuta pa tebulo ankangoiponya nsanzayo pamene waimapo, ina pa benchi, ina pa zenera, ina pansi, ngati anthu osaleredwa. Iwo ankadutsa m'mbuyo mwawo akung'ung'udza, kutolera imodziimodzi, kuziika m'thumba, kuzipondereza ndi phazi kuti zilowe zambiri, kumanga kukamwa kwa thumbalo ndi waya, n'kulikankhira pansi pa masitepe okwerera ku ofesi, pobisika, posaona alendo. Madzulo aliwonse a pakati pa sabata galimoto ya zinyalala inkadzalitenga. Njira imeneyi anaiyambitsa okha, palibe anawauza, ndipo ankainyadira.

Mphaka wa m'shedimo ankalikonda thumbalo. M'nyengo yozizira ankagona pamwamba pake tsiku lonse, ndipo Anatsache nawo zala zikauma ndi chisanu ankaziika pambali pa mphakayo, chifukwa thumbalo linkakhala lofunda bwino. Sanadzifunsepo chifukwa chake. Ankangoti ndi mphakayo akulifunditsa.

Anali ndi mlongo mmodzi yekha, wamng'ono kwa iwo ndi zaka zisanu ndi ziwiri, amene anamubereka kumsana ali khanda. Atakula n'kusowa chochita, iwo ndi amene anakagwada kwa abwana akale mpaka anamulemba ulonda wa masana, Loweruka ndi Lamulungu. Anali munthu wanthabwala, woseka ndi aliyense, koma fodya ndiye ankasuta osati masewera.

Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, m'nyengo yotentha, kampani inalandira oda ya matebulo makumi asanu ndi limodzi. Anagwira mpaka Loweruka masana, kupaka mafuta osapuma, nsanza mbwee paliponse. Anatsache anadzaza matumba atatu, kuwapondereza mpaka thukuta kamukamu, n'kuwasanjikiza pansi pa masitepe kuti adikire galimoto ya Lolemba. Anakhoma shedi n'kumusiya mlongo wawo pa geti. Cha m'ma folo koloko utsi unali tolo. Mlongoyo anathyola chitseko n'kuyamba kutulutsa zigubu za thinazi ndi manja. Chimodzi chinagwa n'kutayikira pamotopo, iye anathirapo ndowa ya madzi, ndipo motowo unayenda pamwamba pa madziwo kubwera kwa iye. Theka la shedi linapsa. Dzanja lake lamanzere linapsa mpaka zala zitatu zinapindika osawongokanso.

Lolemba abwana akale anawaitana Anatsache pabwalo, phulusa likadali kununkha, n'kuwafunsa funso limodzi lokha.

"Mlongo wanuyu amasuta?"

"Amasuta, bwana."

Sananame ayi, ndi mmene ankadziuzira mumtima zaka zonsezi. Koma atapita kuchipatala anamupeza mlongoyo atagona chagada, dzanja litakulungidwa m'mabandeji, ndipo iye anati, "Achemwali, fodya ndinasiya. Mwezi wachitatu uno. Chiyambireni chifuwa cha mwana wanga uja sindinakhudzepo ndudu."

"Usandipusitse ine," anatero iwo. "Ndinagwada pamaso pa anthu chifukwa cha iwe, lero n'kundichititsa manyazi chonchi. Nanga moto umayamba wokha?"

Abwana anamuchotsa ntchito mlongoyo, Anatsache anatsala. Mayi awo okalamba anamva nkhaniyo kuchokera kwa Anatsache n'kuikhulupirira, nanga mwana wamkulu angawanamize? Anamwalira patatha zaka zinayi, akumutchulabe mlongoyo wotentha kampani nthawi zonse akapsa mtima. Mlongoyo anaphunzira kusoka nsapato ndi dzanja limodzi ndi theka, n'kumakhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi pokwerera mabasi. Anatsache ankadziwa bwino lomwe pamene amakhala, ndiye ankatsikira siteji ya patsogolo n'kuyenda wapansi kubwerera m'mbuyo kudzera njira ina, ndi maondo owawa omwewo. Akakumana pa zochitika za pabanja ankapatsana moni ngati anthu ongodziwana m'basi.

Tsiku limene zinthu zinatembenuka linali Lachinayi wamba. A inshuwalansi anali atauza abwana achinyamatawo kuti antchito onse aphunzitsidwe za mankhwala, ndiye kunabwera mayi wina woona za chitetezo cha pantchito, atanyamula chifayilo chachikulu, chipewa cholimba chili kumutu ngakhale panalibe chowagwera. Asanakhale n'komwe pansi, akalipentala anali atawapatsa kale dzina loti Achipewa. Anawasonkhanitsa onse pa mabenchi nthawi ya nkhomaliro, zimene zinanyansa aliyense.

"Mapepala awa mumawadziwa?" anafunsa Achipewa atakweza limodzi m'mwamba.

Ankawadziwa, eee. Chigubu chilichonse chinkabwera ndi lake, la masamba angapo, zilembo zake zing'onozing'ono ngati nyerere. Akapitawo ankalembapo miyeso kuseri kwake, ena ankakulungiramo misomali, lina linali litapindidwa kanayi pansi pa mwendo wa tebulo la tiyi kuti lisamagwedere. Otsalawo Anatsache ankawasesa. Zaka makumi awiri ndi zitatu akuwasesa ndithu, osawerengapo ngakhale mzere umodzi.

"Pepala lililonse likunena za mankhwala amodzi," anatero Achipewa. "Lili ndi magawo khumi ndi asanu ndi limodzi, koma sindikuti muloweze onse, ndikudziwa mwatopa. Yambani ndi kachithunzi aka ka lawi la moto m'kabokosi kofiira m'mbali. Mukakaona, dziwani kuti zili m'chigubumo zimayaka msanga. Kenako pitani pa gawo lachisanu, likuuzani chozimitsira chake. Lachisanu ndi chiwiri likuuzani kasungidwe. Lakhumi likuuzani zinthu zimene mankhwalawo sagwirizana nazo."

Anayamba ndi la thinazi. Anafotokoza kuti chimene chimayamba kuyaka si zamadzimadzi mukuzionazo ayi, koma mpweya wotuluka m'menemo, umene ndi wolemera, umakwawa pansi mpaka kukapeza kamoto kutali, ngakhale kongothetheka pa soketi. Anawerenganso gawo lachisanu: osakhuthulirapo madzi, chifukwa thinazi amayandama n'kuyenda nawo madziwo moto uli pamsana. Pamafunika thovu, ufa wa m'chozimitsira moto, kapena mchenga. Anatsache anazolika. M'maganizo anaona ndowa ija, anaonanso dzanja lija. Palibe amene anamuuzapo mlongo wawo zimenezi. Komabe anadzilimbitsa mtima kuti zilibe kanthu, choyambitsa chinali ndudu.

Kenako Achipewa anatenga pepala la mafuta opaka matabwa.

"Awa alibe n'kachithunzi ka lawi komwe, ndiye anthu amawaderera. Koma tamvani pa gawo lachisanu ndi chiwiri apa. Nsanza zonyowa ndi mafuta amenewa zikaunjikidwa pamodzi zikhoza kutentha zokha mpaka kuyaka."

"Zokha?" anatero akapitawo, buledi ali m'kamwa. "Nsanza kuyaka yokha? Amenewo ndiye ndi matsenga, mayi. Tiziitana abusa, osati ozimitsa moto."

Onse anafa ndi phwete. Achipewa anawadikira kuti amalize, zikuoneka kuti nthabwala imeneyi anali ataimvapo kambirimbiri.

"Si matsenga, akapitawo. Mafutawa akamauma amakoka mpweya, ndipo pouma pamenepo amatulutsa kutentha. Nsanza ikakhala payokha, yotambasuka, kutenthako kumangouluka. Koma mukazipanikiza zambiri m'thumba kapena m'katoni, kutentha kumasowa kotulukira, kumangowonjezekera m'katimo ola ndi ola. Kunja kukakhala kotentha, maola ochepa chabe utsi wayamba. Sipafunika machesi. Sipafunika ndudu. Ndiye muziziyanika panja imodziimodzi, kapena muziziviika m'ndowa yachitsulo ya madzi n'kuvindikira. Kuziunjika ndiye ayi."

"Mwamva, Anatsache?" anafuula kalipentala wina kumbuyo. "Uve wathu mumatinyoza nawo uja unali nzeru!"

Anasekanso onse. Anatsache sanaseke. M'makutu mwawo munangotsala mawu awiri aja, sipafunika ndudu.

Anadzuka osatsanzika n'kuyenda mpaka pansi pa masitepe. Sabata imeneyo ankapakanso matebulo, ndipo thumba la m'mawa linali pamalo pake, lomangidwa bwinobwino ndi waya, mphaka ali phee pamwamba, mdzukulu wa mphaka woyamba uja. Anamuthamangitsa, kumasula waya, n'kulowetsa mkono mpaka m'chigongono. Mumtima ankapempha Mulungu kuti apezemo mozizira. Munali motentha ngati m'khwapa mwa mwana wodwala malungo, ndipo atakankhira dzanja pakatikati analibweza msanga.

Analikokera panja n'kulikhuthula pa simenti. Nsanza za pakati zinali zitayamba kuda, zikununkha kupserera. Anthu anazungulira, kuseka kuja kutatha zii. Akapitawo anangokanda m'mutu, buledi ali m'manja.

"Mwaonatu," anatero Achipewa mokondwa, pakuti si kawirikawiri phunziro limadzionetsa lokha chonchi. "Mayiwa apulumutsa shedi yanu lero. Tawaombereni m'manja."

Anawaomberadi. Anatsache anaima pakati pawo manja ali lende, mkono uli noninoni ndi mafuta. Manyazi amene anawagwira pamenepo anali asanawamvepo chibadwire. Ili linali thumba limodzi, la theka la tsiku, kunja kuli mitambo. Tsiku lija anali matumba atatu, osanjikizana, m'nyengo yotentha, oponderezedwa ndi phazi lawo lomweli.

Mawa lake anakwera masitepe kupita ku ofesi, kupumira pakati. Abwana achinyamatawo anawamvetsera maso ali pa foni.

"Mayi, zaka khumi ndi ziwiri? Ine ndinali kusukulu nthawi imeneyo. Bambo anapita, shedi inamangidwanso, nkhaniyo inatha kalekale. Musadandaule, palibe amene akuimbeni mlandu."

"Si za ine, bwana. Munthu uja anachotsedwa wosalakwa."

"Ndiye nditani ine? Pa geti pali alonda a kampani ina tsopano. Pitani mukapumeko, mukuoneka kuti mwatopa."

Kutopa ndiye anali atatopadi, apo abwana sananame. Anatsika atagwira khoma. Palibe amene ankawaimba mlandu, ndipo chimenecho ndi chimene chinkawawa kwambiri, chifukwa mlanduwo unalipo, unangogona pamsana pa munthu wina.

Achipewa atabweranso kudzakhoma mapepala m'kachipinda ka mankhwala, lililonse m'pulasitiki yake, Anatsache anapempha limodzi la mafuta lija, n'kunena kuti awalembere mzere kunsi kwa mawu a nsanza aja.

"Ndayenda m'makampani ambiri, ndinu oyamba kupempha lanulanu," anatero Achipewa, akulemba mzerewo ndi cholembera chofiira. Anatsache sanawauze chifukwa chake.

Pepalalo linakhala m'chikwama sabata yathunthu n'kupitirira. Kuntchito anayamba kuyanika nsanza pa waya kuseri kwa shedi, imodziimodzi ngati matewera, ndipo pamalopo pankaoneka pauve moti mtima unkawawawa nthawi zonse akadutsapo. Mphaka ankangozungulira pansi pa masitepe akulira. Poweruka ankatsikirabe siteji ya patsogolo. Ankakonza mawu okamuuza mlongo wawo m'basi, kuwasanja bwinobwino, koma pofika pakhomo onse anali atabalalika.

Loweruka linalake masana anatsikira pa siteji yoyenera. Anamupeza mlongo wawo pakhonde paja atakhala pa kampando kafupi, nsapato zakale zili pamzere patsogolo pake, imvi zitayamba m'ndevu. Ha, imvi! Mwana amene anamubereka kumsana. Anali atapana nsapato ya mwana wa sukulu pakati pa maondo, akukoka ulusi ndi mano chifukwa zala zopindika zija sizinkagwira.

"Achimwene."

Iye anakweza maso ulusi uli kukamwa. Anauchotsa pang'onopang'ono.

"Achemwali. Kwagwanji? Kuli maliro?"

"Ayi, kulibe."

"Nanga mwasochera?"

Anawakankhira kabokosi ka misomali ndi phazi kuti akhalepo. Iwo anakhala, maondo akulira, n'kutulutsa pepala lija litakwinyika ndi kuyenda m'chikwama. Mawu onse okonza m'basi aja anathawa. Ananena za mafuta, za mpweya, za matumba atatu, za mphaka, n'kubwereranso pa mafuta, chala chili pa mzere wofiira. Pomaliza anati, "Sinali ndudu yanu. Anali matumba anga. Ndine ndinatentha shedi ija, ndi dzanja lanulo. Ndinakulakwirani, achimwene."

Iye sanalilandire pepalalo. Analiyang'ana lili m'manja mwawo momwemo, ngati mmene ankayang'anira nsapato yosatheka kusoka. Basi ina inaima, anthu anatsika, ina inanyamuka.

"Pepalalo ndi lanu, achemwali, lisungeni," anatero kenako, osakweza mawu. "Ine sindikulifuna. Ine ndinkadziwa kale kuti sindinasute. Ndinakuuzani ndili pabedi, dzanja likuwotcha. Mawu anga munawakana, lero mwakhulupirira pepala lobwera ndi chigubu."

Anatsache anasowa poyang'ana. Misozi inayamba kutsika yokha, yopanda phokoso, ndipo analibe mphamvu zoipukuta.

"Ndinapita kwa abwana, ndinawauza zonse, koma akuti..."

"Za abwana zisiyeni, ntchito imeneyo ndinaiiwala. Amayi mukawauza bwanji?"



Iye anatenganso nsapato ya sukulu ija, kuibaya, ulusi n'kupulumuka, kuyesanso, n'kupulumukanso. Anaiika pansi. Kenako maso ake anagwera pa phazi lamanja la achemwali ake, lopondereza matumba lija, pamene nsapato inali itayasama kutsogolo.

"Mukuyenda nayo chonchi imeneyo anthu akukuonani? Tavulani."

Anavula. Iye anaitembenuza uku ndi uku, kupukusa mutu, n'kuipana pa maondo, koma inali yofewa ndi ukalamba, inkangoterereka.

"Gwirani apa," anatero. "Ayi, apa. Limbitsani. Dzanja ili siligwira."

Anatsache anagwira ndi manja onse awiri, pepala lili pansi pafupi ndi phazi lawo losavala, ndipo mlongo wawo anayamba kusoka.